Kiyibodi yopanda chingwe yosapweteketsa manja: achimwene ndiwauze agule iti?

Mlembi wa pa Zomba:

Moni nonse. Ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu odziwa za makompyuta, komanso kwa anzanga amene mumadyera kutaipa ngati ine.

Ndili ndi kashopu kuno ku Zomba. Ndimataipira anthu makalata ofunsira ntchito, ma CV, mapulogalamu a maliro ndi a zikwati, mayeso a sukulu za pulaiveti, ndipo nyengo yake ikakwana ophunzira a ku koleji amandiunjikira mapepala awo a kafukufuku. Chaka chatha ndidayambanso kulandira ntchito yolemba zokambirana zojambulidwa. Amanditumizira mawu, ine n'kuvala mahedifoni, n'kumalemba liwu lililonse m'Chichewa momwe mwiniwake walankhulira. Ndalama yake ndi yabwinoko kuposa ya makalata, koma zokambirana za ola limodzi zimanditengera maola 5 kapena 6 ndili chikhalire, manja ali pa laputopu.

Vuto lidayamba cha mu Juni. Poyamba ndinkati ndi kuzizira kwa kuno kunsi kwa phiri, koma pano kwatentha ndipo palibe chasintha. Dzanja lamanja limawawa apa povalira wotchi, phewa lamanja limalemera ngati ndanyamulirapo nkhuni tsiku lonse, ndipo masiku ena usiku chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati zimachita dzanzi mpaka kundidzutsa. Ndimakutumula dzanja kangapo, kenako zimaleka. Ndili ndi ana awiri a pasukulu ndipo manja amenewa ndiwo khasu langa. Ndikuchita mantha.

Achimwene anga amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo akubwera pa basi mu Disembala. Nditawadandaulira adati ndisankhe ndekha kiyibodi yomwe ndikufuna, ndiwatumizire dzina ndi chithunzi, poti iwo za zimenezi sazidziwa. Ndalama zawo amazipeza ndi thukuta, ndiye sindikufuna agule chinthu choti chidzangokhala m'katoni pansi pa bedi.

Pa intaneti mayina atatu ndi amene ndikukumana nawo kawirikawiri. Logitech Ergo K860, ija yotukuka pakati, mabatani ake ogawanika pawiri. Logitech Wave Keys, yocheperako, yooneka ngati mafunde. Ndi Microsoft Sculpt, imene mabatani a manambala ali paokha. Ndikufuna yopanda chingwe chifukwa laputopu yanga yatsala ndi mabowo awiri okha a USB ogwira ntchito, lina la pulinta, lina la ma flash a makasitomala.

Tsono ndithandizeni. Yogawanika pakatiyo, munthu wozolowera kiyibodi wamba amatenga masiku angati kuti aizolowere? Sindingathe kutsika liwiro mwezi wathunthu pamene ntchito ili ndi tsiku lokapereka. Magetsi akazima tsiku lonse, yabwino ndi yotchaja kapena ya mabatire? Shopu ili m'mbali mwa msewu wafumbi, kodi zimapirira? Ndipo funso londisowetsa tulo: kodi makiyibodi amenewa amachotsadi ululu, kapena ndi mawu okometsa malonda chabe? Ndine wamfupi, mamita 1.54, ngati zimenezo zili ndi ntchito.


Wokonza makompyuta ku Limbe:

Achemwali, pepani ndi dzanjalo. Za m'thupi ndiwasiyira odziwa, ine ndinena zomwe ndimaziona pa benchi yanga.

Sculpt iyambe kuchoka pa mndandanda. Imataipika bwino, ndipo amene adaizolowera safunanso ina, koma kwa ife kuno ili ndi chilema chachikulu. Ilibe Bluetooth. Imalumikizana ndi kompyuta kudzera pa ka dongle kake kokha, kachipangizo kakang'ono kolowetsa m'bowo la USB, ndipo ka dongle kameneko adakamangiriza ku kiyibodiyo kufakitale. Kakatayika kapena kuthyoka, simungagule kena n'kulumikiza. Ndili nazo ziwiri pansi pa tebulo pano, zabwinobwino, eni ake adazisiya pa chifukwa chimenechi. M'shopu momwe anthu amalowetsa ndi kuzula ma flash tsiku lonse, tsiku lina kasitomala adzazula ka dongle n'kukaponya m'thumba poganiza kuti ndi flash yake. Kuwonjezera apo, kagawo ka manambala kaja kamadya batire yonga ndalama yachitsulo, CR2430, imene pa golosale simungaipeze. Idatuluka kale, mu 2013, ndipo a Microsoft adasiya kupanga makiyibodi amenewa mu 2023, pano akupitiriza ndi a kampani ya Incase. Achimwene akaipeza yotsika mtengo modabwitsa, afunse kaye ngati dongle ilimo.

Za Logitech ziwirizo zili ndi njira ziwiri, Bluetooth ndi dongle, choncho ina ikakana ina ilipo. Ngati laputopu yanu ili ndi Bluetooth, bowo la USB silikuwonongekerani ngakhale limodzi. Lowani mu Settings muone ngati ilimo. Koma dziwani kuti ma dongle a makiyibodi a Logitech amenewa alipo a mitundu iwiri ndipo samvana. Akale ndi a Unifying, okhala ndi chizindikiro cha mtundu wa lalanje chonga kanyenyezi. Atsopano ndi a Logi Bolt, okhala ndi chizindikiro cha mphezi. Wave Keys imabwera ndi Bolt. K860 zambiri zimabwera ndi Unifying, ngakhale ilipo ina yopangira makampani imene ili ndi Bolt. Ubwino wake, mukataya mumagula ina n'kulumikiza ndi pulogalamu yawo, ndipo dongle imodzi imanyamula zipangizo mpaka 6, kotero mausi ya mtundu womwewo imakwera pomwepo.

Pa za magetsi musavutike mtima. Zonse ziwiri zimadya mabatire awiri a AAA. Eni ake amati K860 imatha nawo zaka 2, Wave Keys zaka 3. Inu mumataipa kuposa munthu wa mu ofesi, ndiye ngakhale titadula theka, mukadali pabwino. Zimakhalitsa chonchi chifukwa zilibe nyali younikira mabatani. Zotchaja zija ine sindizikonda kuno kwathu: batire yam'kati ikatopa pakapita zaka, kiyibodi yonse imatsamira pa chingwe, ndipo kupeza batire yolowa m'malo ndi ntchito. Chokhacho, gulani mabatire olembedwa alkaline. Otchipa aja a zinc-carbon amatuluka madzi n'kudya tizitsulo tam'kati, ndipo makiyibodi ambiri amene amafika kwa ine atafa, adafa ndi zimenezi. Mukamatseka shopu kwa masabata angapo, achotseni.

Mukadzagwiritsa ntchito dongle n'kuona zilembo zikuchedwa kapena kudumpha nthawi imene mwalowetsa flash m'bowo labuluu la USB 3.0 loyandikana nayo, musati kiyibodi yafa. USB 3.0 imasokoneza mafunde a 2.4 GHz amene dongle imayendera. Kachingwe kakafupi kowonjezera USB, kongoitalikitsa pang'ono, kamathetsa nkhani.

Chinthu china chimene anthu amalira nacho katundu atafika kale: kayalidwe ka mabatani. Auzeni achimwene ajambule mabataniwo asanalipire. Ku South Africa zambiri ndi za kayalidwe ka US, @ ili pa 2 ndipo Enter ndi yopingasa. Malaputopu ochokera ku UK ali ndi @ pafupi ndi Enter, ndipo Enter yake ndi yaitali chotsika. Zonsezi n'zogwirika, mumangosintha mu Windows. Zoti mukane ndi za ku Germany, zoyamba ndi QWERTZ, ndi za ku France, zoyamba ndi AZERTY. Zimapezeka kwambiri mwa ogulitsa katundu wogwiritsidwa kale ntchito.

Fumbi mankhwala ake ndi kansalu kophimba mukamaweruka ndi kabulashi kouma ka penti. Madzi ayi.

Akadakhala ine ndikadatenga K860. Idatuluka mu 2020 pa mtengo wa madola 130, pamene Wave Keys idatuluka mu 2023 pa madola 60, koma K860 ndiyo imawongoladi manja. Imalemera kupitirira kilogalamu imodzi ndipo ndi yotukuka, ndiye pa basi isakhale pansi pa matumba.


Agogo a taipi:

Mwanangu, ndawerenga kawiri zomwe walembazi ndipo mtima wandiwawa, chifukwa ndidaona atsikana anzanga akusiya ntchito ndi manja omwewa.

Ine ndidagwira ntchito ya ulembi zaka 31. Ndidayambira pa makina a Olivetti, omenya ndi mphamvu aja, ndikudula ma stensulo a Gestetner, makina ochulukitsira mapepala aja, ndipo ndidapumira pa kompyuta. Za ma dongle abambo a ku Limbe anena bwino, ine sindizidziwa. Koma kiyibodi isanafike, pali chimene ungachite mawa lomwe.

M'maofesi akale tebulo la taipi linali lalifupi kuposa desiki ya abwana. Sadachite mwangozi. Matebulo ambiri a masiku ano amatalika masentimita 73 mpaka 75, ndipo pa msinkhu wakowo ndikukayika ngati lako likukuyenera. Kabwereke tepi kwa atelala. Ukhale pa mpando umene umakhalira masiku onse, mapewa uwagwetse, zigongono zikhale m'nthiti, mikono uipinde ngati ukulandira mbale. Wina ayeze kuchokera pansi kufika pa chigongono. Mabatani a kiyibodi ayenera kukhala pa msinkhu umenewo kapena kutsikirapo pang'ono. Akakhala pamwamba, umakweza mapewa tsiku lonse osadziwa, ndipo dzanja umaligoneka pa m'mphepete mwa tebulo, pamene pamadinda mzere pakhungu. Ukaika kiyibodi yodula pa tebulo lalitali, wangowonjezera msinkhu, chifukwa makiyibodi otukukawo ndi okhuthala kuposa laputopu. Kalipentala adule miyendo ya tebulo, apo ayi kweza mpando ndi khushoni yolimba, mapazi uwapondetse pa njerwa kapena kabokosi kuti asalendewere.

Timiyendo tija ta kumbuyo kwa kiyibodi, amene ambiri amatitukula poganiza kuti ndiye ulemu wake, uzitipinda. Timachititsa dzanja kupindikira m'mwamba. Ife adatiphunzitsa kuti pamene ukutaipa manja aziyandama, monga amachitira woimba limba kutchalitchi, ndipo uziwatsitsa pokhapokha ukapuma.

Tsono funso lako la kuzolowera. Yankho lili m'zala zako. Kodi udaphunzira kutaipa ndi zala zonse, zoyambira pa ASDF ndi JKL, kapena udadziphunzitsa wekha? Dziyese chonchi: phimba manja ndi chitenje, utaipe ndime imodzi, uone kuti B ukumumenya ndi dzanja liti. Pa kiyibodi yogawanika, T, G ndi B ali kumanzere, Y, H ndi N ali kumanja, ndipo pakati pali mpata. Chichewa chathuchi chadzaza ndi mb, bw, ny, th, nth. Taganiza mawu ngati bambo, mbumba, nthawi, nyumba. Ngati B umamumenya ndi chala chakumanja, monga amachitira ambiri odziphunzitsa okha, chalacho chizikagwera pampata, ndipo udzakwiya nayo kiyibodiyo sabata yoyamba. Amene adaphunzira mwa dongosolo sachedwa. Uli ndi nthawi mpaka Disembala, yamba lero kumupereka B ku dzanja lamanzere, mphindi 15 m'mawa uliwonse makasitomala asanafike.

Chomaliza, ndipo ichi ndimachiganizira kawirikawiri. Makina a taipi anali olemera, koma ankatipumitsa okha. Mzere ukatha umakweza dzanja kukankha chonyamula pepala. Tsamba likatha umaima, kuchotsa, kuyala kaboni, kulowetsa lina. Ukalakwitsa umafufuta. Kompyuta ilibe zonsezi, imangolandira, ndipo iwe ndi mahedifoni kumutu ukhoza kutha maola awiri osasuntha. Uzidziimitsa wekha. Theka la ola lililonse imirira, gwetsa manja, pita pakhomo ukaone msewu, ubwerere.


Wa physiotherapy, Lilongwe:

Mayi, ndalowa chifukwa cha chiganizo chimodzi m'kalata yanu, cha zala zitatu zochita dzanzi usiku. Chimenecho musachidikiritse Disembala.

Sindingakuyezeni pa intaneti, koma ndifotokoze chimene chimachititsa zotere kawirikawiri. Pali mtsempha wotchedwa median nerve umene umadutsa m'kanjira kopanikizika pa dzanja, povalira wotchi pomwepo, mbali ya chikhatho. Mtsemphawu ndi umene umapereka kumva ku chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chala chovala mphete. M'kanjirako mukatupa, mtsempha umafinyika, ndipo vutoli timalitcha carpal tunnel syndrome. Limakonda usiku chifukwa ambiri timagona titapinda manja, ndipo kukutumula dzanja kuti dzanzi lichoke, monga mwanenera, ndi zomwe odwala ambiri amatiuza. Dzanzi likakhala pa chala chaching'ono ndi choyandikana nacho, umenewo ndi mtsempha wina, umene nthawi zambiri umafinyikira pa chigongono. Limathanso kuchokera m'khosi. N'chifukwa chake pafunika wina akugwireni dzanjalo.

Chifukwa china chopitira kuchipatala n'chakuti kutaipa si kokha kumene kumabweretsa vutoli. Matenda a shuga, pathupi, chithokomiro chosagwira bwino ntchito ndi nyamakazi zimathandizira. Mukapita, pemphani akuyezeni shuga, ndipo mufunse ngati angakutumizeni kwa a physiotherapy. Thandizo loyamba nthawi zambiri ndi losavuta: chomangira dzanja chovala pogona, chimene chimaligwira kuti likhale lowongoka. Musamange ndi bandeji yothina, mungawonjezere kufinya.

Zizindikiro zoti musazengereze nazo ndi izi: dzanzi losachoka ngakhale masana, kugwetsa kapu kapena foni, kulephera kumanga mabatani a bulauzi, ndi mnofu wa patsinde pa chala chachikulu kuyamba kuphwa. Pamenepo mtsempha wayamba kuwonongeka, ndipo kuchedwa kumachititsa kuti ena asachire kwathunthu.

Kodi kiyibodi imachotsa ululu? Siichiza. Chimene imachita ndi kuchepetsa kupindika. Pa laputopu manja amapindika katatu: amakhotera kunja, mbali ya chala chaching'ono, chifukwa mabatani ali mothinana, amapindikira m'mwamba, ndipo zikhatho zimayang'ana pansi kotheratu. Kiyibodi yogawanika imachepetsa koyambako, yotukuka pakati imachepetsa kachitatuko, ndipo kupinda timiyendo ta kumbuyo kwa kiyibodi monga anenera agogo kumathandiza kachiwiriko. Ambiri amapezako mpumulo, koma ndaonanso ogula zodula amene sadasinthe chifukwa maola ndi kakhalidwe zidali zomwezo. Khushoni ya kutsogolo kwa kiyibodi ndi yotsamirapo tsinde la chikhatho popuma. Musagonekepo pamene pali mtsempha paja.

Muganizirenso ntchito za kunyumba. Kufinya zovala ndi kugwira foni nthawi yaitali ndi dzanja lomwelo zimawonjezera. Ngati ana akulako, kufinya azikuthandizani kwa miyezi ingapo.


Mlembi wa pa Zomba:

Zikomo kwambiri nonse, safunsa adadya phula. Agogo, ndachita zomwe mudanena. Tebulo langa ndi masentimita 76, chigongono changa pa mpando wapulasitiki umene ndimakhalira chili pa 63. Ndidakhala kaye chete nditaona manambalawo. Mzere mudanena uja uliponso pa dzanja langa madzulo aliwonse. Ndipo B ndikumumenyadi ndi dzanja lamanja, nthawi zina ngakhale G.

Achimwene a ku Limbe, Bluetooth ilimo, ndipo @ yanga ili pafupi ndi Enter, ndiye kuti laputopuyi idachokera ku UK. Mausi ndilibe, ndimagwiritsa ntchito touchpad, kamalo koyendetsapo chala ka pa laputopu pomwepo, makamaka poimitsa ndi kubweza mawu ndikamalemba zokambirana.

Adokotala, ndamva. Lolemba nditseka shopu m'mawa ndipite.


Womasulira mabuku, Cape Town:

Achemwali, mwatchula touchpad mongodutsa, koma ine ndikuona ngati mbala yaikulu ndi imeneyo. Ntchito yolemba zojambulidwa ndidaigwirapo zaka zitatu. Pa ola limodzi la mawu munthu umaimitsa ndi kubweza kosawerengeka, ndipo ulendo uliwonse dzanja lamanja limachoka pa mabatani, kupindika, kusaka kabatani pa sikirini, kudina, kubwerera. Ikani pulogalamu ya Express Scribe, ili ndi mtundu waulere. Mukulemba mu Word momwemo, F4 imaimitsa, F9 imayambitsa, F7 imabweza, dzanja osachoka pa kiyibodi. Ilinso ndi poti muchepetse liwiro la wolankhula. Pa makiyibodi a Logitech mzere wa F umabwera utapatsidwa ntchito zina monga kukweza mawu, ndiye mudzadine Fn ndi Esc pamodzi kuti ubwerere mwakale. Amene amalemba zotere tsiku ndi tsiku amagula chopondera ndi phazi, koma chimenecho ndi chachingwe ndipo chidzakudyerani bowo la USB.

Pa kusankha, ndisiyana pang'ono ndi achimwene a ku Limbe. K860 ndili nayo, ndikulembera pomwepa, ndipo ndimaikonda. Idanditengera masabata awiri kuti liwiro libwerere, chikhalirecho ndidaphunzira kutaipa ndi zala zonse. Ili ndi timiyendo kutsogolo, osati kumbuyo, totukula mbali ya kwa iwe kuti mabatani apendekere kutali, pa madigiri 4 kapena 7, ndipo zimenezi zimawongola dzanja bwino zedi. Koma ndi yaitali m'mbali, pafupifupi masentimita 46, chifukwa ili ndi mivi ndi manambala onse kumanja. Mukakweza laputopu pa marimu a mapepala kuti sikirini ifike pa maso, zomwe muyenera kuchita, touchpad yatha ntchito, mufunika mausi. Tsono mausiyo idzakhala kutali kumanja, kupitirira manambala, ndipo mkono uzidzatambasuka tsiku lonse. Ine ndine wamtali ndi wa mapewa otambalala, komabe phewa lidayamba kundiwawa mpaka ndidasamutsira mausi kumanzere. Inu a mamita 1.54, phewa lamanja likudandaula kale, ndikuopa.

Wave Keys ndi pafupifupi masentimita 38. Manambala ilinso nawo koma adawathinitsa, ndiye mausi imayandikira. Siyogawanika, choncho B wanu wakumanja sakupatsani vuto, ndipo tsiku loyamba lomwelo mugwira ntchito. Mkazi wanga ndi imene amagwiritsa ntchito. Kunena zoona siiwongola manja kufika pa K860, ili pakati pa kiyibodi wamba ndi yogawanika. Koma munthu wa mapewa aang'ono manja ake sakhota kwambiri pofika pa mabatani ngati wa mapewa otambalala, ndiye phindu la kugawanikako kwa inu ndi locheperako. Ndalama yotsalayo ipite ku mausi yabwino ndi kwa kalipentala.

Ndiwonjezere za Chichewa, poti ambiri zimawazunza osadziwa chifukwa. Kiyibodi ya US ikafika, mu Windows musankhe yolembedwa US basi, osati United States-International. Pa International, kachizindikiro ka m'mwamba kamene timalemba mu ng' ndi m' kamadikira chilembo chotsatira, ndipo chikakhala a, e, i, o kapena u zimaphatikizana. Mukafuna ng'ombe mumapeza ngómbe, mukafuna pang'ono mumapeza pangóno. Ndidakonzapo zolemba za masamba ambirimbiri zodzaza ndi zimenezi. Ndipo makasitomala ena amafuna ŵ wa kadenga, monga mu Malaŵi. Mu Word lembani 0175 kenako dinani Alt ndi X, pa wamkulu 0174, kungoti pasakhale nambala kapena chilembo cha a mpaka f chogundana nazo kumbuyo, apo ayi musankhe manambala anayiwo kaye. Njira yachidule ndi kuika mu AutoCorrect mawu amene mumawalemba kawirikawiri. Amene ali ndi kiyibodi ya UK akhoza kusankha United Kingdom Extended, pamene AltGr (batani la Alt lakumanja) ndi 6 kenako w zimatulutsa ŵ, chifukwa chilankhulo cha ku Wales chilinso ndi chilembo chimenechi.


Wokonza makompyuta ku Limbe:

Za m'lifupi mwa K860 akunena zoona akuluwa, sindidaganizire za mausi. Ndikadali kuikonda, koma kwa achemwaliwa ndavomera. Kungoti mukatenga Wave Keys, mausi ikhale ya Bluetooth kapena ya Bolt, kuti dongle ikhale imodzi. Ndipo poti laputopu ndi yakale, dongle musaitaye ngakhale Bluetooth ikugwira. Tsiku lina Windows ikadzavuta n'kufunika kulowa mu BIOS, malo okonzera kompyuta Windows isanayambe, kiyibodi ya pa Bluetooth nthawi zambiri siimveka kumeneko, pamene ya pa dongle imamveka. Imatireni ndi selotepi m'kati mwa kabati ya ndalama.


Mlembi wa pa Zomba:

Ndabweranso patatha masabata atatu kuti ndikuuzeni momwe zayendera.

Kuchipatala ndidapita. Shuga ali bwino. Adandipinditsa manja kwa mphindi imodzi ndipo dzanzi lidabwera pa zala zomwe zija, ndiye adati ndi mtsempha umene mudanena uja, koma sunafike poipa. Chomangira dzanja ndidachipeza ku famase ndipo ndikugona nacho. Masiku oyamba chinkandisowetsa mtendere, koma sabata ino ndadzuka ndi dzanzi kamodzi kokha. Andiuza ndibwererenso pakatha mwezi ndi theka.

Kalipentala adadula masentimita 8 pa miyendo ya tebulo. Sakadapitirira apo chifukwa thabwa la m'munsi likadagunda maondo, ndiye ndawonjezera khushoni pa mpando ndi njerwa ziwiri za kumapazi. Agogo, phewa lapepuka, ndipo mzere wa pa dzanja uja sukuonekanso. Kuimirira theka la ola lililonse kukundivutabe ntchito ikandikoma, ndiye ndatchera alamu pa foni n'kuiika pa shelefu ya mapepala kuti ndizichita kunyamuka pokaizimitsa. Express Scribe ndidaika, ndipo zokambirana za ola limodzi dzana ndidazimaliza m'maola 4 ndi theka.

Achimwene ndawatumizira chithunzi cha Wave Keys, ndawauza ajambule mabatani asanalipire, aone kuti dongle ilimo, ndipo aisunge m'chikwama cha m'manja. B ndikumuphunzitsabe kumanzere m'mawa uliwonse, mwina m'tsogolo muno ndidzayesa yogawanika.

Chatsala ndi mausi. Ndaona ina ya Logitech yotchedwa Lift, yoimirira ngati ukupereka moni wa pamanja, akuti adapangira a manja aang'ono, imadya batire imodzi ya AA ndipo ndi ya Bolt. Ilipo ya dzanja lamanja ndi ya lamanzere. Alipo amene adaigwiritsapo ntchito? Ndipo poti dzanja lodwala ndi lamanja, ndiwauze atenge ya kumanzere, kapena ndi bwino mausi wamba yogwirika mbali zonse kuti ndizisinthasintha? Achimwene akukagula Loweruka likubwerali.